Cholembera cha ku Meadowlands: Za Aneni a Chingerezi Otenga Apamtherankhani Aŵiri

M'mwezi wa July chaka cha 2019, utatha msonkhano wa akatswiri a zilankhulo mu mzinda wa Johannesburg, ndinakacheza masiku atatu kwa amalume anga ku Meadowlands, m'dera la Soweto. Amalumewo anachoka kwathu ku Dedza m'chaka cha 1972 kudzera ku Wenela. Pamene boma la Malaŵi linaletsa maulendo a ku migodi m'chaka cha 1974, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha anthu athu oposa 70, iwo sanabwerere kumudzi monga anachitira anzawo ambiri. Anakwatira mayi wa Chizulu, nakhala mtchona. M'nyumba mwawo munkamveka Chizulu, Chisutu ndi Chingerezi, ndipo Chicheŵa chinkatuluka pokhapokha pakafika mlendo wochokera kumudzi.

Usiku woyamba, kunja kukuzizira kwambiri, mdzukulu wawo wamkazi wa zaka 14 ankalemba ntchito ya kusukulu patebulo. Inki itamthera, anandiyang'ana nati, "Malume, borrow me your pen." Ine, amene ndinali nditaphunzitsa malamulo a chilankhulo kwa zaka zambiri, pakamwa panandithamangira. Ndinamuuza kuti Mngerezi amati "lend me", pakuti "borrow" ndi mneni wa munthu wolandira, osati wa wopereka. Mwanayo anaŵerama, natseka kope lake, nakaloŵa kuchipinda osatenga cholemberacho. Amalume anatsokomola pang'ono, nati, "A Dokotala, mwana wakupemphani cholembera, inu mwampatsa manyazi."

Ndili pabedi usiku umenewo ndinazindikira kuti mawu a amalume anali ndi aneni aŵiri, kupempha ndi kupatsa, ndipo aliyense anatenga apamtherankhani aŵiri, munthu ndi chinthu. Nkhalamba imene sinapitirire Sitandade 4 inandidzudzula ndi kalankhulidwe komweko kamene ine ndinkati mwana wakalakwitsa. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikudzifunsa kuti kodi mwanayo analakwa pati kwenikweni.

Tiyeni tiyambe ndi Chingerezi chenichenicho. Aneni monga "give", "send", "tell" ndi "lend" ali ndi njira ziŵiri. Munthu atha kunena "give the child a book", wolandira ali pafupi ndi mneni, kapena "give a book to the child", wolandira ali kumapeto ndi mperekezi wake. Ifenso tili nazo njira ziŵirizi, ngakhale timasintha mneni: "ndinapatsa mwana buku", komanso "ndinapereka buku kwa mwana". Koma Chingerezi chili ndi mipata imene mlendo sangaidziŵiretu. "Tell me the story" n'chololedwa, pamene "explain me the story" n'chokanidwa. "Give the church money" n'chabwino, pamene "donate the church money" eni ake chimaŵaŵaŵa m'makutu. Georgia Green m'chaka cha 1974 ndi Richard Oehrle m'chaka cha 1976 anaifufuza nkhaniyi, ndipo ambiri amati aneni ochokera ku Chilatini ndi ku Chifalansa ndiwo amakana apamtherankhani aŵiri. Komatu "offer" ndi "promise" nawonso mizu yawo ndi ya Chilatini, koma amalola. Choncho wophunzira alibe lamulo limodzi lolidalira. Ayenera kuloŵeza mneni aliyense payekha.

M'zilankhulo zathu zinthu sizili choncho. Msintho womchitira, umene m'Chicheŵa ndi -ir- kapena -er-, ndipo m'Chizulu ndi m'Chisutu ndi -el-, umalumikizika pafupifupi ku mneni aliyense. Timati "ndifotokozere nkhaniyo", Mzulu nati "ngichazele". Munthu amene anakula ndi lamulo losakhota chotere, akamva "tell me" ndi "show me", alibe chifukwa chokayikira "explain me". Kasanjidwe ka mawu nako n'kodziŵika. Malillo Morolong ndi Larry Hyman anaonetsa m'chaka cha 1977 kuti m'Chisutu, pamene pamtherankhani mmodzi ali munthu ndipo winayo ali chinthu, munthuyo ndiye amatsata mneni. Joan Bresnan ndi Lioba Moshi m'chaka cha 1990, ndiponso Alex Alsina ndi Sam Mchombo m'chaka cha 1993, analongosola za mphamvu ya wochitiridwa m'Chicheŵa: timati "mayi anaphikira ana nsima" ndi "ana anaphikiridwa nsima", koma sitinena "nsima inaphikiridwa ana". Mneni, kenaka munthu, kenaka chinthu: umu ndi momwe mwana uja anasanjira mawu ake, ndipo pa kasanjidweka Chingerezi sichikanamtsutsa.

Chatsala ndi mneni "borrow" yekha. M'Chizulu "-boleka" amagwira ntchito mbali zonse ziŵiri, ya wopereka ndi ya wolandira, ndipo "ngiboleke ipeni" ndi pempho la tsiku ndi tsiku. Wolankhula Chisutu amati "nkadime". M'Chiafirikanzi "leen" nayenso ndi mneni mmodzi wa mbali ziŵiri. Ife eni ake timati "ndabwereka khasu kwa anansi", komanso "ndibwerekeni khasu". Pa zilankhulo zonse zimene mwanayo ankamva m'misewu ya Soweto, Chingerezi chokha ndicho chinkafuna aneni aŵiri pa ntchito imodzi. N'chifukwa chake "borrow me" amamveka ponseponse ku South Africa, ngakhale pakamwa pa Azungu ena.

Pali chinanso chimene ndinachiona mochedwa. Kwa munthu wa ku London, "borrow me a pen", ngati akumva tanthauzo lililonse, n'lakuti pita ukandibwerekere cholembera kwa wina, monga momwe "buy me bread" alili. Chicheŵa chimasiyanitsa ziŵirizi ndi kamphatikira kamodzi: "ndibwereke" ndi "ndibwerekere". Chingerezi chilibe mphatikira wotero, ndiye chimaika wolandira ndi wochitiridwa pamalo amodzi, n'kusiyira mneni ntchito yoŵasiyanitsa. Ichi ndicho chifukwa chenicheni chimene "lend" ali wofunika m'Chingerezi. Ndikanamuuza mwanayo chifukwa chimenechi, bwenzi nditamphunzitsa kanthu. Ine ndinangomuuza kuti walakwa.

Ku Soweto nkhani ya chilankhulo cha kusukulu si yoseŵera nayo. M'chaka cha 1974 boma la tsankho linalamula kuti masamu ndi maphunziro ena aziphunzitsidwa m'Chiafirikanzi, ndipo pa 16 June 1976 ana a sukulu anaguba kukana lamulolo, apolisi naŵaombera. Nyumba yokumbukira Hector Pieterson, imene inatsegulidwa ku Orlando West m'chaka cha 2002, sili patali ndi kwa amalume. Agogo ake aakazi a mwana uja anali mtsikana wa sukulu m'masiku amenewo. Chingerezi chimene banjali limalankhula analimbana nacho m'masukulu osoŵa mabuku a pansi pa lamulo la Bantu Education la 1953, ndipo mlendo wa masiku atatu anayenera kuyamba wamvetsera asanatulutse inki yofiira.

Sindikunena kuti aphunzitsi aleke kuphunzitsa "lend". Wochonga mayeso adzamchotsera malikisi mwana wolemba "borrow me", ndipo kalata yofunsira ntchito yokhala ndi "explain me" ikhoza kutayidwa isanaŵerengedwe mpaka kumapeto. Kubisira mwana zimenezi kukanakhala kumlakwira koposa. Chimene ndikupempha anzanga a ku Zomba, Lusaka, Harare ndi Maputo n'chakuti tisiyanitse cholakwa chobwera chifukwa cha umbuli ndi kalankhulidwe kotsata lamulo la chilankhulo china. Ophunzira anga a chaka choyamba tsopano ndimayamba ndi kuŵafunsa kusiyana kwa "ndibwereke" ndi "ndibwerekere", ndipo akakuona okha, "lend" ndi "borrow" savutanso.

M'maŵa mwake ndinampeza mwanayo akumwa tiyi asanapite kusukulu. Ndinaika cholembera pambali pa kapu yake, ndi kumfunsa kuti pempho la dzulo lija akanalinena bwanji m'Chizulu. Anayankha monyinyirika kuti "ngiboleke". Nditamuuza kuti kwathu ku Dedza timati "ndibwereke", anadabwa, nabwereza mawuwo kaŵiri, natembenukira kwa agogo ake kuti atsimikize. Amalume anavomera ndi mutu. Cholemberacho anapita nacho kusukulu, ndipo mpaka lero sanandibwezere.