Mtchona wa pakhoma

Pakhoma la agogo anga aamuna ku St Mary's, ku Chitungwiza, panali chithunzi chodula pa kalendala yakale: munthu atagwada pakati pa nkhumba, manja atagwirana, maso ali kumwamba. Tili ana tinkangowerenga tiana tankhumba tam'munsi mwake. Agogo ankachiloza ndi ndodo n'kunena kuti, "Ameneyo ndi mtchona mnzanga." Ankaseka, ife n'kuseka nawo.

Mwini chithunzicho ndinadzamudziwa ndili ku yunivesite. Ndi Albrecht Dürer wa ku Nuremberg, yemwe anachizokota pa mkuwa cha m'ma 1496. Mzere uliwonse anachita kuukumba ndi kachitsulo kosongoka, kenako inki n'kulowa m'timizereto, n'kudinda papepala. Nkhani yake ndi ya pa Luka 15, koma famuyo si ya ku Yudeya ayi. Nyumba zamadenga otsetsereka zija, ngakhale tambala uja, zonse n'zakwawo ku Germany. Dziko lakutali la m'fanizo iye analipeza kuseri kwa mudzi wake womwe.

Chimene chimandisowetsa mtendere ndi nthawi imene anasankha. Rembrandt anajambula mwanayo atafika, bambo ake atamusanjika manja pamsana. Kwa Dürer mnyamatayo sanadzuke n'komwe. Bondo likadali pansi, ulendo sunayambe, ndipo bamboyo sakuoneka paliponse.

Agogo anachoka ku Dedza ali mnyamata, kudzera ku Tete, kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya. Sanamwaze chuma cha munthu. Analibe choti n'kumwaza. Chaka ndi chaka ankati mvula ikangotha apita kumudzi. Lamulungu lililonse ankaimba m'Chichewa ku CCAP, mawu awo okhuthala ngati a munthu amene wangotsika basi dzulo. Mvula inkatha, ina n'kubwera. Lamulo la unzika litasintha mu 2001, amayi anga, obadwira konkuno, anauzidwa kuti ndi mlendo. Ku Dedza nako kunalibe mfumu yowadziwa dzina.

Agogo tinawaika kuno.

Mwezi watha mkonzi wina ananditumizira chithunzi chomwechi kuti ndimasulire mawu ochifotokoza. Ndi ntchito ya mphindi khumi. Ndinalemba "mwana wolowerera", monga timanenera kutchalitchi, ndipo ndinamva ngati ndikuwanamizira agogo mlandu. Ndinafufuta, n'kulemba "mtchona". Pamenepo ndiye ndinkanamizira Dürer. Ndinafufutanso.

Mkonzi wandiimbira kale kawiri.