Cidole ca Citsononkho

Pasaka wa m'masitolo si wathu. Nyengo yake ikayandikira, mashelufu a mu Lusaka amadzala akalulu a pulasitiki ndi mazira okutidwa m'mapepala onyezimira. Izi ni zizindikiro za ku Ulaya, kumene cisanu cimakhala cikutha, mitengo ikuphukira. Kuno Pasaka amatipeza mvula ikutsanzika, cimanga caciwisi cikununkhira pa mbaula m'mbali mwa mseu, maungu ndi nshawa zili mbwee. Nyengo yathu ili ndi mphatso zake, koma tasiya kuzionetsa ana.

Ine ndinakulira ku Katete, kumene cidole sicinali kugulidwa. Ambuya anali kutenga citsononkho, n'kuciveka makoko a cimanga ngati citenje. Ndevu za cimanga zinali tsitsi, maso n'kulemba ndi khala. Anyamata anali kuumba ng'ombe ndi dothi la kudambo, nyanga zake minga, n'kuziyanika pamthunzi kuti zisang'ambike. Mapesi akauma tinali kusenda khungu lake n'kupanga magalasi a m'maso, kenako n'kumayenda monyada ngati ahedi a sukulu. Cidole cikathyoka panalibe kulira kwambiri. Cinali kubwerera kumunda, ciswe n'kumaliza nchito.

Lero ndikulera ana awiri m'tauni, ndipo pa chuthi ca Epulo timacita zomwezo pakhonde. Makoko ndimapempha kwa amai ooca cimanga pa siteshoni ya mabasi. Poyamba anadabwa. “Mufuna kudyetsa mbuzi, amake mwana?” Tsopano amandisungira m'thumba. Guluu timaphika tokha: supuni ziwiri za ufa wa cinangwa m'kapu ya madzi, kutakasa pamoto mpaka kaphala kalimbe. Mazira timawiritsa pamodzi ndi makoko a anyezi, ndipo amatuluka ofiirira ngati dothi la paculu. Tikakulunga dzira ndi kansalu, tsamba laling'ono lili mkati, cithunzi ca tsambalo cimatsalira pa cigoba. Mpeni ndi moto ni za ine. Wamng'ono, wa zaka zinai, nchito yake ni kusankha masamba ndi kupaka guluu, ndipo amaigwira mwakhama ngati walembedwa ganyu.

Wina angati ni masewera cabe. Koma amene anaonapo ngalande za ku Kanyama mvula itagwa adziwa kumene pulasitiki imathera. Mu 2018 boma linaletsa mapepala a pulasitiki opyapyala, osafika mamaikiloni 30, komabe zinyalala zikali kutseka njira za madzi. Mu Januwale 2024 kolera inasandutsa Heroes Stadium cipatala, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa. Cidole ca citsononkho sicingathetse kolera, ai. Koma mwana amene waona cinthu cake cikuola n'kusanduka manyowa amayamba kufunsa za botolo limene silikuola. Wanga wamkulu anafunsa, ndipo tsiku lomwelo anatola mapepala a pulasitiki a pabwalo n'kumanga cimpombwa ca mpira. Ana a m'komboni akhala akucita zimenezi kuyambira kale, osadziwa kuti akuyeretsa mzinda.

Ngakhale chalichi cimadziwa mwambo umenewu. Pa Lamulungu la Kanjedza timaluka timitanda ndi masamba, n'kutipacika m'nyumba. Caka cotsatira masamba oumawo amaochedwa, ndipo phulusa lake ndilo limapakidwa pamphumi pa Lacitatu la Phulusa. Palibe cotayika. Mwana akaluka mtanda wake, wokhota cabe, wagwira ndi manja phunziro limene ulaliki ungamutengere zaka kuti alimve.

Cimene cimandidetsa nkhawa si pulasitiki yokha. Ni manja. Ana athu adziwa kusisita foni asanadziwe kumanga mfundo. Ambuya anapita, ndipo ife amene tinaphunzira pamiyendo pao ndife otsala. Tikapanda kukhala pansi ndi ana, luso la mapesi lidzathera m'mitu yathu, pakuti silinalembedwe m'buku la sukulu. Limafuna mphasa, madzulo amodzi, ndi munthu wamkulu wolola kuti citenje cake cide ndi dothi. Cimanga ca caka cino cikali m'munda, ndipo makoko ake ni aulere.