Goli Lomwe Ndalisenzanso

Kwathu ku Chifunga mawu oti yoga alibe mnzake m'Chichewa. Ena amati ndi majowajowa a azungu, ena chipembedzo cha amwenye, pomwe ena amangodula nkhani n'kuti ndi zausatana. Ine ndidaiphunzira ndili Fomu 3 kwa mlendo wina yemwe adadzagwira ntchito zachipatala m'boma lathu la Neno. Ndidaileka patangotha chaka, mkulu wina wa kutchalitchi atauza mayi anga kuti mwana wawo akupembedza dzuwa. Mayi adangoti, "Iwe, usandichititse manyazi pamudzi pano."

Chaka chino ndayambiranso, ndipo chandibweza ndi maphunziro a zinenero. Mawu oti yoga adachokera ku tsinde la Sanskrit loti yuj, kutanthauza kumanga pamodzi monga timamangira ng'ombe pangolo. Tsinde lomweli ndi pachibale ndi mawu a Chigiriki oti zugos, omwe ali pa Mateyu 11 pamene Yesu akunena za goli lake. Ndikudziwa kuti ubale wa mawu si umboni wa chiphunzitso. Nditalemba zotero pamayeso aphunzitsi angandidule malikisi. Komabe zidandichititsa kufunsa: kodi chinthu chimakhala cha mwini wake woyamba mpaka kalekale?

Taonani mawu omwe timapempherera. Mulungu, Chauta, mzimu, nsembe, kachisi: onsewa amishoni adawapeza ali kale pakamwa pa makolo athu. Kachisi kadali kanyumba kothirirako nsembe kwa mizimu. Lero ambiri mwa mawu omwewo ali m'Buku Lopatulika la 1922, ndipo palibe amati wansembe wathu ndi wachikunja chifukwa cha dzina lake. Ng'oma nayonso idakanidwapo m'matchalitchi, koma lero kwaya yopanda ng'oma imazizira. Ngati mawu ndi ng'oma zidabatizidwa, bwanji kakhalidwe ka thupi ndi kapumidwe?

Si ine woyamba kufunsa. Jean-Marie Déchanet, mmonke wa chipani cha Benedikito Woyera yemwe adatumikirapo ku Katanga m'dziko la Congo, adalemba buku mu 1956 lomwe lidatuluka m'Chingerezi mu 1960 ndi mutu woti Christian Yoga. Iye ankaona yoga ngati njira yokhazikitsira thupi pansi kuti mtima umve Mulungu. Mu 1989 likulu la Mpingo wa Katolika ku Vatican lidatulutsa kalata yosainidwa ndi Kadinala Joseph Ratzinger. Kalatayo idavomereza kuti thupi lili ndi gawo pa pemphero, koma idachenjeza kuti kumva bwino m'thupi munthu asakuyese chitonthozo cha Mzimu Woyera. Chenjezo limeneli ndimaliona lolondola kuposa mfundo zambiri za okonda yoga.

Nawonso mkulu wa kutchalitchi uja sadangolota. Mndandanda wina wotchuka wa yoga umatchedwa surya namaskar, kutanthauza kulonjera dzuwa, ndipo liwu loti Om ndi lopatulika kwa Ahindu. Ziwirizi ndidazisiya, pa chifukwa cha chikhulupiriro changa komanso polemekeza eni ake. Chomwe ndimachita n'chochepa: ndimayala mkeka mbandakucha, kudziwongola mphindi 20, kupuma pang'onopang'ono, kuwerenga Salimo limodzi, kenaka kukhala chete. Ifetu timadziwa kugwada, kuwomba m'manja, kuvina ndi kufuula pamapemphero a usiku wonse. Kukhala chete ndiye sitidaphunzitsidwe, ndipo maganizo anga ankangoyendayenda, ku fizi, ku mayeso, ku chimanga chopserera kumunda.

Mnzanga wina wa m'gulu lathu la mapemphero adandilangiza kuti ndizingoti ndikuchita masewero olimbitsa thupi, anthu asandikayikire. Ndidakana, chifukwa kubisa dzina n'kuvomereza kuti pali choipa. Chikanireni, anzanga awiri adasiya kundiitana kukapemphera. Mayi ndawauza pafoni sabata yatha. Adakhala chete kanthawi, kenaka adati tidzakambirana patchuthi, amalume alipo.