Ulendo wa ku Kirindy, kwawo kwa kanyama ka Madame Berthe

Pa nyama zonse za m'gulu la anyani ndi apusi, kanyama kakang'ono kwambiri kamakhala m'nkhalango ya Kirindy, kumadzulo kwa chilumba cha Madagascar. Ndi kamtundu ka lemur, kolemera magalamu pafupifupi 30 basi, ndipo kamafanana ndi changa: maso aakulu, ubweya wofiirira, mchira wautali kuposa thupi. Akatswiri adakapatsa dzina m'chaka cha 2000 polemekeza Berthe Rakotosamimanana, mayi wa ku Madagascar amene adadzipereka kufufuza za nyamazi.

Ulendo wokakaona umayambira m'tauni ya Morondava, m'mbali mwa nyanja. Msewu wafumbi wolowera kumpoto umadutsa pakati pa milambe italiitali, ndipo pambuyo pa makilomita pafupifupi 60 mlendo amafika m'nkhalango youma, imene mitengo yake imayoyola masamba m'chilimwe.

Masana kanyamaka kamagona m'ziyangoyango zolukanalukana, choncho alendo amalowa m'nkhalango kukada, motsogozedwa ndi munthu wa m'deralo. Iye amayenda mwakachetechete akuwalitsa tochi m'nthambi, mpaka timaso tiwiri titanyezimira. Kamayenda kokha, kakudumpha mwachangu. Chakudya chake chachikulu ndi timadzi totsekemera timene tizilombo tina timasiya pa nthambi, ndipo kamaonjezera zipatso, utomoni ndi tizilombo. M'miyezi yozizira kamatsitsa kutentha kwa thupi lake kwa maola angapo kuti kasunge mphamvu. Adani ake ndi akadzidzi, njoka ndi fosa, chilombo cholusa cha pachilumbachi.

Mdani wamkulu ndi moto. Pobwerera, mlendo amaona zitsa zakuda m'mbali mwa msewu, pamene anthu adatema mitengo ndi kutentha kuti alime chimanga ndi mtedza. Ambiri mwa iwo adathawa chilala kum'mwera kwa dzikolo. Nthaka yotereyi imaguga msanga, ndipo mlimi amatemanso kwina. Popeza kanyamaka kulibe kwina kumene kamapezeka kupatula dera la Menabe, kumene kuli nkhalangoyi, bungwe loona zoteteza chilengedwe la IUCN lidakaika m'gulu la nyama zotsala pang'ono kutheratu m'chaka cha 2020.

Nkhalangoyi ili m'dera lotetezedwa la Menabe Antimena, limene amaliyang'anira a bungwe la Fanamby. Akatswiri a German Primate Center ali ndi malo ofufuzira ku Kirindy komweko. Ntchito yoteteza imatsamira pa kulondera nkhalango, kulambula njira zotchinga moto, kubzala mitengo yachilengedwe ndi kuthandiza mabanja kupeza ndalama popanda kutema mitengo. Ndalama za alendo zimalipira otsogolera ndi ena ogwira ntchito a m'midzi yozungulira.