Kalata kwa Mphwanga, za Belu Limene Lakana Kuyaka pa Geti la Amayi Ake

Chongoni,
Dedza.

Wokondedwa mphwanga,

 Mawu ako ndawamva, akuti belu la kamera lija unatumiza kuti liikidwe pa geti la amayi ako lakana kuyaka, ndi kuti mtima wako wafuna kulitaya ndi kugula lina mwezi ukatha. Tsono popeza ntchito ya mawaya a magetsi ndiyo inandidyetsa zaka zonse za mphamvu zanga, ngakhale tsopano manja anjenjemera, ndayesa chinthu choyenera kukulangiza usanamwaze ndalama imene waikhetsera thukuta ku Johannesburg, m'dziko la eni.

Cholinga chako ndachiyamika. Pa njira ya amayi ako padutsa anthu ambiri masiku ano: ophunzira a ku koleji ya zankhalango, obwera ku misonkhano ya mpingo pa Namoni Katengeza, ndi alendo ofunsa njira ya ku Chencherere, amene anachuluka chiyambire 2006 pamene UNESCO inalemba mapanga athu a zojambula, malo 127, m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Mwana wofuna kudziwa amene aima pa khomo la mayi wake wamasiye sanalakwe. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ndinena nawe mosabisa kuti belu lotere likakhala chete, kawirikawiri mlandu suli pa belulo, koma pa njira imene mphamvu idzera pofika kwa ilo. Wothirira mbatata ya kachewere m'dimba, akaona kuti madzi safika ku mzere wa kumapeto, sazula mbewu, koma abwerera ku mtsinje natsata ngalande phazi ndi phazi kufikira apeze pamene yagumuka; iwenso ukabwera pa Khirisimasi uchite chomwecho, kuyambira pa mita mpaka pa geti, osalumpha.

Usanagwire chitsulo chilichonse, usiyanitse belu lakufa ndi belu losowa intaneti, pakuti pa foni yako ziwirizi zioneka ngati chinthu chimodzi. Ngati kanyali ka pa batani kayaka koma chithunzi sichifika kwa iwe, belulo lili moyo: kapena bandulo yatha mu rauta, kapena Wi-Fi yalephera kuboola makoma a njerwa kufika ku geti. Koma kanyaliko kakakhala kozima, uone ngati mita ili ndi mayunitsi, ngati breaker ya mbali imeneyo siinagwe, ndipo mu soketi imene idyetsa belu ulowetsemo chaja ya foni, kuti udziwe ngati soketiyo ili ndi moto. Zimenezi mwana wa sukulu angathe.

Pamene ndifuna kuti utchere khutu ndi pa thiransifoma, kabokosi kaja kolemera kamene mmisiri anakapachika kuseri kwa chitseko. Magetsi a m'nyumba zathu, amene ESCOM itigawira, ndi a mavolti 230, pomwe mabelu ambiri a mtundu uwu, monga ena a Ring ndi a Google Nest, afuna mavolti a pakati pa 16 ndi 24 okha, a mtundu wa AC. Ndipo ntchito ya kabokosiko ndiyo kutsitsa mphamvu yaikuluyo kuti ifike pa muyeso umene belu lingaulandire. Uwerenge zolembedwa pa msana pake. Ukapeza palembedwa 120V, dziwa kuti kanapangidwira dziko la America, ndipo kanapsa tsiku lomwelo kanalumikizidwa kuno, mwina ndi kafungo ka pulasitiki wopserera kamene amayi ako anayesa zinyalala za kwa anansi. Ukapeza palembedwa 8V, ndiko kabokosi ka mabelu akale ongolira, kamene kawirikawiri sikangathe kudyetsa kamera yopenya usana ndi usiku. Uonenso nambala yotsatidwa ndi zilembo za VA, pakuti imeneyo ndiyo inena kukula kwa katundu amene kabokosiko kangasenze: ka 10 VA kangachepere mabelu ena a kamera, ndipo ka 30 VA ndiko kakwanira bwino. Safunsa anadya phula. Kapepala ka m'katoni ya belu lako kanena muyeso wake weniweni, ndipo ukasiyana ndi mawu anga, utsate kapepalako.

Ndinapita ndekha kukaona, ndipo ngakhale sindinamasule kanthu, maso anga anagwira zinthu ziwiri. Waya wopita ku geti anamudutsitsa wamaliseche m'munsi mwa mpanda, wopanda paipi, ndipo pafupi ndi mtengo wa pichesi chiswe chamuphimba ndi dothi lake lofiira kutalika kwa mkono wathunthu. Pamene chiswe chamanga pakhala chinyontho, ndipo pamene waya ali poyera makoswe samusiya. Chachiwiri, pa timasikuluwu ta m'munsi mwa belu paoneka dzimbiri lobiriwira, ntchito ya nkhungu ya kuno ku mapiri imene inyowetsa zitsulo m'mawa uliwonse wa Juni ndi Julayi. Ngati kunja kuli tero, kumbuyo kumene mawaya awiri amangidwa sikungakhale koyera.

Chifukwa chake ugule multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, ndipo ntchito yake ndi iyi. Uzimitse swichi yaikulu, umasule belu pa khoma, upale nsonga za mawaya awiriwo kufikira mkuwa uwale, uzitalikitse kuti zisakhudzane, ndipo utayatsanso magetsi uloze muvi wa multimeter pa chilembo cha V chokhala ndi kamzere kopindika, nugunditse timitengo take tiwiri pa mawayawo. Ikaonetsa muyeso woyenera, umange mawaya molimba ndi kudikira theka la ola kapena kupitirira, pakuti ena mwa mabelu awa ali ndi kabatire kakang'ono m'kati, kamene kakaphwa ndi kuzima kwa magetsi kwa nthawi yaitali kayamba kadzaza kokha belu lisanadzuke. Ambiri abweza katundu wabwino ku sitolo chifukwa cha kusapirira kwa mphindi zochepazi. Ikaonetsa muyeso wochepa, waya watalika kapena waonda koposa, kapena kabokosi kafooka. Ikapanda kuonetsa kanthu, ukayeze pa masikuluwu otulutsa mphamvu a thiransifoma: mphamvu ikapezeka pamenepo, waya waduka pa njira; ikasowa pamenepo pomwe, kabokosi kafa. Belu lenilenilo uliweruze pomalizira, mboni zonsezi zitalankhula.

Koma tamvera ichi, mwana wa mlongo wanga, ndipo usachiiwale. Mbali ya mavolti 24 uigwire wekha. Mbali ya mavolti 230 usaiyandikire, ngakhale anzako a ku Joni akuuze kuti n'chapafupi, pakuti moto umenewo ulibe chisoni ndi munthu wakhama. Kusintha thiransifoma yolumikizidwa m'khoma ndi ntchito ya mmisiri wokhala ndi chilolezo cha MERA. Usayesenso kulumikiza belu ku batire ya sola ija tinagulira amayi ako m'chaka cha 2022, pamene namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira dziko nilikhala mu mdima maola ambiri. Batireyo ndi ya mavolti 12 a DC, chakudya chosayenera belu lako. Ngati ufuna kuti lizipenya magetsi atazima, thiransifoma ndi rauta zidyere pa inverter, ndipo pa soketi yake uikepo choteteza ku magetsi obwera mwamphamvu, chifukwa mvula ikayamba mu Novembala mphezi za pa phiri la Chongoni ziotcha zipangizo zazing'ono zotere, monganso achita magetsi pobwerera mwadzidzidzi.

Pali chinthu chimodzi chimene chandilemera koposa mawaya. Monga linaikidwira, belulo likalira lilirira m'thumba mwako ku Johannesburg, pomwe amayi ako, amene mlendo wawadzera, ali kuseri pa mtondo osamva kanthu. Ndipo munthu amene wati odi pa khomo la Mchewa n'kuyankhidwa ndi mawu ochokera m'kabokosi, mwini nyumba ali pomwepo, abwerera ndi mtima wosweka. Ugule kabelu kolira m'nyumba kogwirizana ndi lako, kuti iwe upenye uli kutali, koma wolandira alendo akhale mwini khomo.

Pobwera utenge multimeter, waya wokulirapo ndi paipi yomudutsitsamo, ndi thiransifoma ya 230V. Ya ku South Africa igwira kuno popanda vuto, pakuti magetsi athu ndi awo ndi a muyeso umodzi, koma pulagi yawo ya mano obulungira siilowa m'masoketi athu a mano amakona, tsono tidzaisintha pofika. Amayi ako apereka moni.

Ndine malume ako okukonda.