Zipinda Zopanda Eni

Makolo athu sankalidziwa vuto la chipinda chopanda mwini. Mnyamata akangosinkhuka ankamumangira gowelo, atsikana nkumakagona kwa agogo awo, ndipo nyumba ya bambo ndi mayi inkakhala yaing'ono kuchokera tsiku la ukwati mpaka tsiku la maliro. Mwana akapita kubanja, gowelolo ankalowamo mng'ono wake, apo ayi linkagwa lokha ndi mvula, pamalopo nkumera maungu. Ndife a m'badwo wa malata amene tidasonkhanitsa ana onse pansi pa denga limodzi, ndipo ndife amene lero tikuyankhulana ndi makoma.

Yathu tidaimanga Neno akadali pansi pa Mwanza, chisanafike chaka cha 2003 pomwe adakhala boma palokha. Njerwa tidaumba tokha, malata tidagula pang'onopang'ono ndi ndalama za manachesi ndi mbatatesi. Zipinda zogona zinayi, ana asanu ndi mmodzi. Nthawi imeneyo zinkaoneka zochepa. Lero wina ali ku Blantyre, awiri ku Lilongwe, atsikana awiri adatsatira amuna awo, woyamba ali ku Johannesburg. Tatsala awiri, ine ndi mayi a kunyumba, ndipo ndiwo za tsiku limodzi zimatha masiku atatu.

Wa ku Joniyo ndiye adayambitsa nkhani yokonza nyumba. Adati: "Bambo, ndikutumizirani ndalama, muike matailosi pabalaza, mumangenso mpanda wa njerwa." Ndidamumvetsa. Mwana amene ali kutali amafuna chinthu choti chioneke pa chithunzi cha pafoni, choti odutsa pamsewu aziti uko kuli mwana wosaiwala kwawo. Koma matailosi kuno kumapiri, mwezi wa June chiperoni chikamawomba, amazizira ngati mwala wa mumtsinje, ndipo akanyowa amaterera. Munthu wa zaka zathu akagwa nkuthyoka m'chiuno, sadzukanso msanga. Mpanda nawo ndidaukana. Pakhomo popanda ana chomwe chikusowa ndi anthu, tsono titsekerenji ochepa amene amadutsa nkutipatsa moni?

Ndalamazo tidayamba nazo kudenga. Namondwe wa Freddy, m'mwezi wa March 2023, adatiphunzitsa kuti nyumba imakalambira kumwamba. Mmisiri atakwera adapeza kuti chiswe chidadya mitengo itatu mkati, kunja ikuoneka yabwinobwino. Tidasintha mitengoyo, nkuipaka oyilo wakuda wotsala ku galimoto, ndipo tidaimanga kukhoma ndi waya kuti mphepo isasasule denga. Tidachita mwayi kuti simenti ndi misomali tidagula kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu November chaka chomwecho. Kumunsi kwa makoma, komwe madzi odontha kudenga amaguguda, tidakulungizako simenti.

Zotsatira zake ndi zinthu zoti mwana sangazijambule. Sitepe ya pakhonde, yomwe anawo ankangoilumpha, tidaigawa pawiri nkuikapo chitsulo chogwirira. Chimbudzi chidali kutali, kuseri kwa nthochi. Tidakumba china pafupi, nkuchimangira pokhalira pokwera, chifukwa maondo anga adasiya kalekale kugwirizana ndi zonjuta. Nkhani ngati imeneyi akuluakulu saikamba pagulu, komabe ndikudziwa anzanga angapo amene amadya pang'ono madzulo poopa ulendo wa usiku umenewu.

Chachikulu chidali madzi. Amene adalera atsikana sadziwa kulemera kwa ndowa mpaka atsikanawo atachoka. Mjigo uli kutsidya kwa chigwa, ndipo mayi a kunyumba, amene adasenza mitsuko zaka makumi anayi, khosi lidayamba kuwavuta. Tidaika ngalande za malata m'mphepete mwa denga zolowetsa madzi a mvula m'migolo ikuluikulu iwiri yovindikira bwino, kuopa udzudzu. M'chilimwe timalipira mnyamata wa njinga. Tidagulanso sola yaing'ono ya mababu atatu ndi potchajira foni. Zimandiseketsa kuti magetsi a ku Nkula amapangidwa m'boma lathu lomwe lino, pa mtsinje wa Shire, pomwe ife a kuno kumtunda tikudalira dzuwa lomwe chifunga chimalibisa masiku ena.

Zidatsala ndi zipinda zitatu zija. Chimodzi sichidavute. Ndidakhomamo mashelefu a nsungwi, ndidakulitsa windo, ndipo ndimasungiramo mbewu ya mbatatesi, yomwe imafuna mpweya ndi kuwala pang'ono kuti itulutse mphukira zazifupi zolimba. Chachiwiri tidachiboolera khomo lakunja nkutseka lamkati. Chichokereni pomwe Neno adakhala boma, komanso pomwe a Abwenzi Pa Za Umoyo adafika mu 2007, kuno kudachuluka anthu a ntchito ofuna pogona. Ife tidapeza mphunzitsi wachinyamata wa pasukulu ya pulaimale yapafupi. Ya lendi ndi yochepa, yongokwana sopo ndi kuchigayo, koma usiku timamva munthu akutsokomola kuseri kwa khoma, ndipo tulo timagona tabwino.

Pa nkhani ya lendiyi padali pofunika kuyenda mosamala. Ine ndine mkamwini. Thukuta la njerwa ndi langa, koma dothi lomwe nyumbayi idakhalapo ndi la kuchikazi. Ndisanabweretse mlendo ndidakhala pansi ndi alamu anga, eni mbumba, ndipo tidalemberana papepala kuti nyumbayi ndi ya mlongo wawo ndi ana ake. Maliro ambiri ndaona akusanduka bwalo la milandu chifukwa cha nyumba ya malata.

Chachitatu ndiye chidatikanganitsa. Ndi chipinda cha mzime wathu, wamkazi. Ine ndinkafuna kugumula khoma kuti balaza likule, a mpingo akabwera kudzacheza asamakhale pakhonde. Mayi a kunyumba adangoti: "Abambo, khoma limenelo musalikhudze." Ndidawawerengera phindu lake, iwo osayankha. Loweruka lililonse amasesamo, nkuyanika bulangete padzuwa, nkuyalanso bedi lomwe palibe wagonapo chichokereni mwiniwake. Kalendala ya chaka chomwe adalemba mayeso a Fomu 4 ikadali pakhoma. Tidagwirizana zongopakamo laimu.

Mwezi wathawu mzimeyo adaimba foni kuchokera ku Lilongwe. Lendi yakwera, wantchito wolera mwana sangamukwanitse, ndipo amafunsa ngati kamnyamata kake ka zaka zisanu ndi chimodzi kangadzayambire Sitandade 1 kuno. Mayi ake adavomera asanandifunse. Mmisiri abwera Lachiwiri kudzaika sefa wa udzudzu pawindo, ndipo ndamuuza kuti apangenso chivindikiro chokhoma cha migolo ija.