Mphindi Ziwiri Zoyamba pa Vidiyo Sho ya pa Migowi

Nsonga ya phiri la Michesi idakali m'nkhungu, koma pa Migowi anthu adzuka kale. Akabaza andanda ndi njinga zawo m'mbali mwa msewu, amayi akuyala tomato ndi usipa, mavenda akupachika masikelo odikira nandolo. Kuseri kwa magolosale, mnyamata wa pa vidiyo sho akusesa makoko a nzimbe ndi a mtedza amene anthu adataya usiku. Akatero amatulutsa sipika panja, n'kulemba ndi choko pa chikwangwani zoonetsa za lero: filimu ya ndewu m'mawa, ya chiNaijeriya masana, mpira madzulo.

Lero ndi Loweruka, ndipo cha m'ma 9 koloko pafika alendo achilendo. Ndi ophunzira asanu a kalabu ya zisudzo ya ku sekondale ina, makope ali m'manja. Aphunzitsi awo awapatsa ntchito yojambula pa foni chiyambi cha filimu, mphindi ziwiri zokha, ndipo asankhe okha mtundu wake. Asanakangane zambiri, adaganiza zokaona kaye momwe ena amayambira.

"Achimwene, mungatiikire poyambira pokhapokha?" akufunsa mtsikana amene akuoneka kuti ndiye mtsogoleri.

Mwini malo sakudabwa konse. Palibe amene amadziwa chiyambi cha filimu kumuposa, chifukwa phindu lake lagona pomwepo. Munthu amaima pakhomo ndalama ili m'dzanja, n'kusuzumira pa chinsalu chotchinga. Zimene aone ndi kumva m'kanthawi kameneko ndizo zimamulowetsa kapena kumubweza.

Akuyamba ndi ya ndewu ya ku China, yomwe DJ adaiika mawu a Chichewa. Munthu asanatchulidwe n'komwe dzina, khomo lathyoka kale, ndipo tiana takhala kutsogolo tikukuwa. Anyamata awiri a m'gululi mitima yawo yapita pomwepo. Ya chiNaijeriya ikuyamba ndi galimoto yonyezimira ikulowa pa geti, apongozi atakwinya nkhope pakhonde. Aliyense wadziwa kale kuti banjali silikhalitsa. Mtsikana uja akulemba zimene akuona: ndani waoneka koyamba, kamera ili pafupi kapena patali, nyimbo yalowa nthawi yanji.

Kenako akupempha The Boy Who Harnessed the Wind, filimu ya mu 2019 imene Chiwetel Ejiofor adaipanga kuchokera pa nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Muno mukungoti zii. Palibe mfuti, palibe galimoto. Pali munda wa chimanga, mphepo, bambo amene akugwa ali pa ntchito, kenako maliro, Gule Wamkulu n'kutulukira. Mlimi wina amene anangolowa kudzapuma, thumba lake atalitsamiritsa pa chipupa, akuweramira kutsogolo. Munda umenewo akuudziwa, ngakhale ku Kasungu sadapondeko. Apa ndi pamene ophunzirawa akuyenera kuphunzira zambiri, pa nkhope ya mlimiyo kuposa pa kanemayo.

Masana malata atentha, m'kati muli chifundizi, magetsi nawo azima. Jenereta ikuvuta kulira, ndiye gulu latuluka kukakhala pansi pa mtengo ndi zigumu. Mkangano wabuka.

Anyamata aja akufuna ya ndewu. Koma ndewu yojambula ndi foni imodzi, popanda woiphunzira, imangosanduka nthabwala. Ya chikondi ikukanidwa msanga: ndani angagwirane manja ndi mnzake pa kamera, mawa n'kukaonekera kwa makolo? Ya ufiti ndi yosavuta, pangofunika mdima ndi ufa kumaso, komabe mmodzi akukumbutsa anzake kuti m'midzi muno agogo enieni amazunzidwa powanamizira ufiti. Mawu amenewo ali ndi nzeru, ndipo palibe akuwatsutsa.

Amene akumasula mfundo ndi mnyamata wosayankhulayankhula. Akuti agogo ake sagona mvula ikamagwa usiku. Adaona Napolo wa mu Malichi 1991, pomwe madzi, matope ndi miyala zidatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana. Ophunzirawa adali asanabadwe, koma namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 adamuona ndi maso awo. Wopanga mafilimu Shemu Joyah adapeza nkhani ya filimu yake ya mu 2012, The Last Fishing Boat, m'mudzi wa asodzi ku Mangochi. Chigwa cha Phalombe nachonso chili ndi yake. Agwirizana: filimu ya moyo wa pa banja, yoyamba ndi phokoso, osati chithunzi.

Dzuwa likupendeka, okonda mpira wa ku England ayamba kudzaza mabenchi, majezi a Arsenal ndi Manchester United ali mbwee. Mwini malo akukweza sipika, ophunzira akumuthokoza n'kuchoka. Kuseri kwa nyumbayo akuyeserera kaye: mmodzi akuwaza madzi a m'ndowa pa lata lakale, wina wagwira foni pafupi kuti amve ngati zikumveka ngati mvula. Koyamba zikumveka ngati munthu akutsuka mbale. Akukweza ndowa m'mwamba pang'ono, n'kuyambiranso.